Nsomba m'Bokosi la Galasi

Ndimakhumbira nsomba zokongola za m'nyanja yamcere, zokhala pakati pa matanthwe a korali. Koma kuno ku Sasare nyanja yotere iri kutali. Madzi ake ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mcere pa lita imodzi, ndipo mcere wathu wandiwo sukwanira. Korali afunanso nyale zowala ndi pampu yosapuma.

Motero ndinasankha nsomba zakwathu. Ndinamata magalasi asanu ndi silikoni, ndinathiramo mcenga wotsuka, miyala ndi madzi a kumtsinje. Ndinadikira masabata anai kuti tizirombo tosaoneka toyeretsa madzi tiswane, ndiyeno ndinaikamo timatemba tisanu. Loweruka lirilonse ndimatungamo madzi pang'ono ndi kuthiramo atsopano.

Acinyamata anzanga, Mulungu anapatsa nsomba iriyonse madzi akeake. Mukaicotsa kwao, moyo wake uli m'manja mwanu.