Chiphapha cha ku Bembeke

Tsiku limene galimotoyo idafika pamudzi, m'chaka cha 2011, idabwera chokokedwa ndi thirakitala. Ana adaithamangira akukuwa ndi chimwemwe, koma akuluakulu adangogwira pakamwa. Magalasi adali osweka, matayala awiri ali ophwa, ndipo pansi pa mpando wa dalaivala makoswe adali atamangapo chisa. Mwini wake, bambo wina amene adali atangopuma kumene pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, adaima chapatali manja ali m'chiuno, akumwetulira ngati munthu amene wagula ng'ombe ya bere. Mkazi wake sadamwetulire. Ndalama zimene zidagula chiphaphacho adali atapangana kuti agulire malata, pakuti denga la nyumba yawo ku Bembeke, m'boma la Dedza, lidali litayamba kudontha.

"Kodi abambo, mvula ikagwa tizidzagona m'menemu?" adafunsa mayiwo. Funsolo silidayankhidwe tsiku limenelo.

Galimotoyo idali Land Rover yaitali ya mtundu wa Series IIA, yopangidwa m'chaka cha 1969. Fuko la galimoto zimenezi lidayamba m'chaka cha 1948 ku Solihull, m'dziko la England. Maurice Wilks, injiniya wa kampani ya Rover, ankagwiritsa ntchito Jeep ya asilikali a ku America pa munda wake, ndipo adaganiza zopanga galimoto yonga yomweyo yothandiza alimi. Popeza chitsulo chidali chosowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, thupi la galimotoyo adalipanga ndi aluminiyamu. M'Malawi muno galimoto zimenezi zidatumikira a polisi, zipatala, mamishoni ndi minda ya tiyi kwa zaka zambiri, mpaka pamene Land Cruiser ndi Hilux za Toyota zidayamba kuzilanda malo. Mlangiziyo adakweramo kambirimbiri ali mnyamata, poyendera alimi m'misewu ya fumbi ndi matope, koma nthawi zonse ankakhala kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbewu. Chiwongolero sadachigwirepo. Mwina apo ndi pamene padagona njala yake.

Phunziro loyamba lidali lowawa. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, tsono thupi la galimotoyo linkaoneka langwiro. Koma atakwawira kunsi ndi kugogoda chesisi ndi hamala, chitsulo chidayamba kuyoyoka ngati makungwa a mtengo wouma. Chidali chikomekome cha mkuyu. Miyezi itatu idatha akupala dzimbiri, kudula malo owola ndi kuitana wowotcherera kuti aikepo zigamba za chitsulo chatsopano. Pa miyezi yonseyo injini sadaikhudze n'komwe, ndipo anthu odutsa pamsewu ankafunsa moseka ngati chiphaphacho chidzayende iye akadali moyo.

Ntchitoyo sakadaitha yekha. Kutsidya kwa dambo kunkakhala nkhalamba ina imene pa unyamata wake idali dalaivala ndi makaniko pa esiteti ya fodya. Maso ake adali atayamba kuchita khungu, koma makutu ndi zala zidali zikadali zakuthwa. Idabwera tsiku lina yosaitanidwa, itanyamula kathumba ka masipanala akale, n'kumupeza mlangiziyo akulimbana ndi bawuti imene mutu wake udali utayamba kudyeka.

"Lekani, achimwene, muononga," idatero. "Galimoto iyi sidziwa mamilimita. Mabawuti ake ndi a muyeso wakale wa Angerezi. Tengani iyi."

Sipanala ija idagwira bawutiyo ndendende, ndipo ubwenzi wawo udayambira pomwepo.

Nkhalambayo sinkaphunzitsa ndi mawu ambiri. Inkakhala pachitsa, n'kumamuuza kuti alize injini, itseke maso, kenaka inene chimene chikudwala. Injini yake, ya petulo ya malita 2.25 ndi masilinda anayi, njosavuta kuimvetsa kwa munthu wodekha. Adasula kabyuleta n'kuitsuka, adasintha mapulagi, adachotsa matope mu ladiyeta. Zipangizo zina adakazipeza ku Malangalanga mu Lilongwe, zina ku Ndirande mu Blantyre, atafunsa benchi ndi benchi chitsulo chakale chili m'manja kuti ayerekeze. Tsiku limene injiniyo idatsokomola n'kulira koyamba, nkhuku zidabalalika pabwalo, ndipo ngakhale mayi aja adatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Sadanene kanthu, koma adaima kwa kanthawi.

Padatsala kuphunzira makhalidwe ake. Giya yoyamba ndi yachiwiri ya Series IIA silowa mwaulemu monga za galimoto za masiku ano. Pamafunika kuponda kilachi kawiri ndi kuyeza liwiro la injini ndi khutu, apo ayi mano a magiya amakukutana mpaka oyenda pansi kutembenuka. Pambali pa ndodo ya giya pali ndodo zina ziwiri. Ya mutu wachikasu ikakanikizidwa pansi, mawilo akutsogolo amayamba kukoka pamodzi ndi akumbuyo. Ya mutu wofiira ikakokeredwa kumbuyo, galimoto imayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma ndi mphamvu yokwera nayo phiri. Pa msewu wa tala, nkhalambayo idachenjeza, mawilo anayi onse asamakoke, chifukwa pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo palibe chowalola kusiyana liwiro pokhota, ndiye zitsulo zimapotana mkati. Idamuonetsanso kabowo kopumira pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi matope, oyilo akatentha amasowa kopumira, n'kudzipezera njira yolowera ku mabuleki. Kanthu kochepa ngati chala cha mwana kangachititse galimoto kulephera kuima pamtsetse.

Pofika 2013 galimotoyo idali pamsewu, itapakidwa utoto wobiriwira. Malata adagulidwa chaka chomwecho ndi ndalama zonyamulira mbatata ya kachewere kuchokera m'minda ya kumapiri. Kukadakhala kuti mlangiziyo adalekera pamenepo, bwenzi palibe nkhani. Koma munthu amene wadzutsa chakufa savomera msanga kuti ntchito yatha. Manja amayabwa. Adayamba ndi zinthu zanzeru: denga la chitsulo lonyamulira katundu, nyali zowonjezera, ndi chingwe cholimba chokokera. Kenaka adaona pa intaneti zithunzi za galimoto zokwera m'miyala, zokhala ndi matayala ngati a thirakitala, ndipo mtima udagwa pomwepo. Adagula matayala aatali ndi aakulu kuposa a 7.50-16 amene galimotoyo idabadwa nawo. Idatalika, idaoneka yaukali, ndipo anyamata a pa sitolo ankaiimbira mluzu.

Nkhalamba ija idazungulira galimotoyo ikupapasa matayalawo. "Mwaiveka nsapato za eni ake," idatero. Idalongosola kuti kuchokera pa difu, pakati pa ekiselo yakumbuyo, pali mashafiti awiri opita ku mawilo, ndipo pa galimoto za mtundu umenewu mashafitiwo ndiwo malo ofooka. Tayala likatalika, shafiti imafunika kupotoka mwamphamvu kwambiri kuti ilizunguze, monga momwe mpini wautali umathyolera khasu pa msomali. Mlangiziyo adamvetsera mwaulemu, adathokoza, matayala osachotsa. Padapita zaka zinayi popanda chovuta, ndipo iye adayamba kukhulupirira kuti ukalamba umabwera ndi mantha.

Nkhalambayo idamwalira mu February 2018, mvula ili pakati. Idali itanena kuti ikaikidwe kwawo, kumudzi wina wa kuseri kwa mapiri kumene lole sikanafika nyengo imeneyo. Panalibe chokambirana. Bokosi lidaikidwa kumbuyo kwa Land Rover, amayi asanu ndi mmodzi adakhala m'mbali mwake akuimba, mkazi wa mlangiziyo ali m'gulu lomwelo, ndipo amuna atatu adadzipanikiza kutsogolo.

Atawoloka kamtsinje, adayamba chitunda cha dothi lofiira loterera. Ndodo yofiira idali kale kumbuyo. Mawilo adazungulira pamodzimodzi, mlangiziyo adaonjezera moto, ndipo mwadzidzidzi tayala lina lakumbuyo lidaluma mwala wobisika m'matope. Padamveka kuti phwa! ngati nthambi yathyoka. Galimoto idanjenjemera n'kuima. Nyimbo idadukira pakati.

Difu ili ndi khalidwe limodzi loipa: mphamvu imathawira mbali imene kulibe chokaniza. Shafiti imodzi ikathyoka, kachidutswa kotsalako kamangozungulira kokha, ndipo mawilo onse awiri akumbuyo amasanduka akufa. Mlangiziyo adadziwa zimenezi asadatsike n'komwe. Adadziwanso amene adamuuza, ndi kumene munthuyo adali pa nthawi imeneyo: kuseri kwa msana wake, m'bokosi. Kumudzi adzukulu adali atakumba kale manda, ndipo dzuwa lidali litapendeka.

Adavula jekete ya suti n'kuipereka kwa mkazi wake. Amuna adatchinga mawilo ndi miyala, pakuti buleki ya m'manja ya galimoto imeneyi sigwira mawilo enieniwo koma shafiti ya kuseri kwa giyabokosi, ndipo tsopano idali yosadalirika. Adagona chagada m'matope ndi kathumba ka masipanala akale kaja, kamene nkhalambayo idamusiyira. Adamasula shafiti yaitali yopita ku ekiselo yakumbuyo, adasolola yothyoka ija, n'kubwezera chotsekera chake kuti oyilo asatayike. Mvula idayambiranso. Mkazi wake adagwada pambali, atafunda chitenje kumutu, akulandira nati iliyonse ndi kuisunga m'dzanja kuti isasowe m'matope.

Galimoto idatsala ndi mawilo akutsogolo okha okoka, ndipo pachitunda kulemera kumakhala kumbuyo. Onse adatsika kupatula malemuwo. Anyamata a m'mudzi wapafupi adabwera ndi makasu, adathira nthambi ndi miyala m'mikwasa, ena adagwira chingwe kutsogolo, ena adakankha. Mamita osakwana 200 adawatengera pafupifupi ola lathunthu. Adafika kumanda kuli kachisisira, mlangiziyo ali matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mwambo udachitika mofulumira poopa mdima. Palibe amene adamudzudzula. Mfumu ya kumeneko idamuthokoza pagulu, ndipo iye adangoyang'ana pansi.

Sabata yotsatira adapita ku Lilongwe kukafuna mashafiti awiri, pakuti inzake ya yothyokayo nayonso idali itayamba kupotoka. Atabwerako adatulutsa matayala akale m'nkhokwe momwe adawasunga, n'kuwabwezera limodzilimodzi. Galimoto idafupika, ndipo anyamata a pa sitolo adaleka kuiimbira mluzu. Chidutswa cha shafiti yothyoka adachiika m'kathumba ka masipanala.

"Nanga akuluakuluwa muwatani, abambo?" adafunsa mkazi wake.

"Tengani, amayi."

Mayiwo adawagubuduzira kuseri kwa khitchini, adathiramo dothi ndi manyowa, n'kufesamo mpiru ndi anyezi.