Mutu umodzi susenza denga: za wankhondo wa ku Tristram

Pakati pa masewera a pakompyuta amene adzukulu ena adawapeza kwa makolo awo pali akale ndithu otchedwa Diablo. Adakonzedwa ndi kampani ya Blizzard North ya ku California, m'dziko la America, motsogozedwa ndi David Brevik pamodzi ndi Max ndi Erich Schaefer, ndipo adafika m'masitolo chaka cha 1997 chikungoyamba. Munthu wamkulu akaponya diso pa zithunzi zake zamdima, zodzaza mafupa oyenda okha ndi ziwanda zanyanga, akhoza kuyesa kuti mulibe chanzeru. Komatu mathero a nkhani yake ali ndi phunziro loyenera kulimvetsera modekha.

Nkhaniyi imachitikira m'mudzi wopeka wa Tristram. Kalekale gulu la anthu anzeru lotchedwa Horadrim lidatsekera chiwanda Diablo m'mwala ndi kuubisa pansi pa nyumba yopemphereramo. Patapita mibadwo, mkulu wa ansembe dzina lake Lazarus adachimasula. Chiwandacho chidasokoneza mutu wa mfumu Leoric mpaka idayamba kupha anthu ake omwe, ndipo Lazarus adaba mwana wa mfumuyo, Albrecht, nakampereka kuti chikhale m'thupi mwake.

Wosewera amasankha kukhala wankhondo wa lupanga, mkazi woponya mivi kapena wamatsenga, kenaka amatsika nsanja 16 zapansi pa nthaka. Zinayi zoyamba ndi za m'tchalitchi, zotsatira ndi manda, kenaka mapanga, ndipo zinayi zomaliza ndi Gehena weniweni. Njira zake zimasintha nthawi iliyonse munthu akayamba mwatsopano, motero palibe woloweza msewu. Ziwanda zimene wapha zimamuwonjezera mphamvu, ndipo zina zimamsiyira golide ndi zida.

Koma mphamvu zimenezi sakhala nazo yekha. Akavulala amakwera kumudzi, kumene Pepin amamchiza mabala ndipo Griswold amamsulira zida. Pakati pa mudzi, pafupi ndi kasupe, pamaima nkhalamba Deckard Cain, imene imauza wankhondoyo dzina ndi ntchito ya chida chilichonse chachilendo chimene watola. Kumapeto nkhalambayi imaulula kuti ndiyo yotsala yokha ya Horadrim, gulu lomwe lija lidatsekera chiwanda m'mwala. Wosewera aliyense amadziwa kuti popanda anthu amenewa sakadapitirira ngakhale nsanja yachiwiri, kumene kumakhala chiwanda chogwira chikwanje chotchedwa Butcher.

Pansi penipeni wankhondo amagonjetsa Diablo. Akazula mwala pamphumi pa chilombocho, thupi lake limasungunuka ndipo pamatsala mtembo wa mwana uja Albrecht. Apa m'pamene pagona nkhani. Munthu amene wakhala akufunsa nkhalamba za mphete ndi chisoti chilichonse sakwera kukafunsa za mwala woopsa kuposa zonse. Amaganiza kuti popeza wapambana, mphamvu zake zikhoza kumanga chiwandacho, ndipo amadzibaya nawo pamphumi pake.

Zotsatira zake zidaonekera mu Diablo II, amene adatuluka mu 2000. Wankhondo uja adasanduka woyendayenda wobisa nkhope, ndipo kulikonse kumene wadutsa kumatsala moto ndi maliro. Mudzi wa Tristram umene adaupulumutsa udapserera. Griswold adasanduka mtembo woyenda, ndipo Cain adapezeka atapachikidwa m'chikwere, akudikira womupulumutsa. Mu Diablo III wa mu 2012 okonza adampatsa wankhondoyo dzina lakuti Aidan, mwana wachisamba wa Leoric. Kutanthauza kuti thupi limene adalikantha pansi paja lidali la mng'ono wake.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu anthu amakonda kuutchula pa ntchito yolemetsa, koma umagwiranso pa tsiku la chipambano. Munthu wofooka sachedwa kufunsa chifukwa mantha amamkankha. Amene amaiwala kufunsa ndi uja wangogwetsa mdani, anthu akumuimbira m'manja. Aidan sadali munthu woipa mtima, ndipo adachita zimenezo pofuna kuteteza anzake. Cholakwa chake chidali kuyesa kuti katundu amene adafunika gulu lonse la Horadrim akhoza kukwana pamutu wa munthu mmodzi. Safunsa adadya phula, koma phula limeneli lidawawira mudzi wonse.

Zoterezi sizithera m'kompyuta. Pali mwana wophunzira amene amabisa ngongole kuti makolo asadandaule, mpaka nyumba ikalandidwe. Pali mtsogoleri amene amachotsa wankhanza pampando, nasunga malamulo a nkhanza aja ponena kuti m'manja mwake sadzavulaza munthu. Palinso wodwala amene amabisa matenda poopa kulemetsa abale. Onsewa amayamba ndi cholinga chabwino, ndipo onse amabisira anzawo chinthu chimene chikadapepuka akadagawana.

N'chifukwa chake n'zosadabwitsa kuti anthu akhala akubwerera ku masewera akalewa ngakhale zithunzi za masiku ano zili zowala kwambiri. Mu Januwale 2017, pokumbukira zaka 20, Blizzard idaika nsanja 16 zija mkati mwa Diablo III ndi kuzipaka dala maonekedwe akale osaoneka bwino. Mu 2019 Diablo woyamba adayamba kugulitsidwanso pa intaneti kudzera pa GOG, ndipo mu 2021 kudatuluka Diablo II: Resurrected, momwe wosewera amatha kudina batani limodzi n'kubwerera ku zithunzi za mu 2000. Ana amene adasewera ali achichepere tsopano ndi makolo, ndipo akamva gitala ya Matt Uelmen imene imalira m'mudzi wa Tristram amakumbukira zambiri.

Mdzukulu amene adzafika pansanja ya 16 sangathe kusintha mathero, pakuti masewerawo sapereka mwayi wosankha. Adzangopenya wankhondo wake akukweza mwala kulunjika pamphumi. Koma m'moyo mwake mwayi umenewo adzakhala nawo, ndipo tsiku limene adzapambane chinthu chachikulu ndilo loyenera kuyamba wapita kwa akuluakulu kukafunsa chochita ndi chimene chili m'manja mwake.