Zaulere zili ndi mwini wake

Kwathu ku Ntchisi timati Facebook ndi yaulere, bola bandulo ilipo. Koma amalipira ndani, abale? Pafupifupi ndalama zonse za Meta, kampani ya Facebook ndi WhatsApp, zimachokera kwa otsatsa malonda. Iwowa amagula maso athu.

Sindikunyoza kutsatsa ayi. Ngakhale nyuzipepala ili m'manja mwanuyi ikanafa kalekale popanda otsatsa. Alamu anga a ku Malomo anapeza wogula soya wawo pa foni, osadzera kwa mavenda a sikelo zobera. Koma foni yomweyo inkanyengerera mwana wawo usana ndi usiku kuti abetche mpira, mpaka ndalama ya feteleza inathera komweko.

Nsomba nayonso imadya nyambo yaulere. Tisanameze, tiyambe taona pamene pabisala mbedza.