Rambo amamudziwa, Chitete sanamumvepo

Ophunzira anga a ku madrasa kuno ku Neno akachoka koonera kanema pa Zalewa amapanga mfuti za mapesi. Kwa iwo msilikali ndiye wopha anthu ambirimbiri, iye osakandika n'komwe. Kamera siichedwa pa msilikali wogwada akumanga bala la mnzake, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni ku Congo, msilikali wa Malawi, Chancy Chitete, analowa pakati pa zipolopolo nakokera pabwino Ali Khamis Omary wa ku Tanzania, yemwe anali atavulala. Ali mkati momuthandiza, Chitete anawomberedwa nafa. Omary anapulumuka. Mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Mbaye Diagne, Msilamu wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994.