Malupanga, miphika ndi mapepala

Mwezi wa Julaye chaka chilichonse, khamu la anthu limasonkhana ku Tewkesbury, ku England, kudzaonerera nkhondo ya mu 1471 ikumenyedwanso mwasewero, ija imene asilikali a Edward IV anagonjetsa a mbali ya Lancaster. Gulu lathu silijomba kumeneko. Ine lupanga sindigwira, malo anga ndi pamoto. Ndimaphika phala la balere ndi nsawawa, kuikamo anyezi ndi kabichi. Mbatata, tomato ndi chimanga n'zoletsedwa pamsasa, poti nthawi imeneyo zinali zisanaoloke nyanja kuchokera ku America.

Pamene ndinkalowa, gululi linalibe malamulo olembedwa. Ndalama zinkakhala m'chitini cha bisiketi, ndipo nkhani zonse tinkazimaliza usiku tikuotha moto, oonerera atapita.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Okonza zikondwerero anayamba kufuna umboni wa inshuwalansi ndi chikalata chofotokoza ngozi iliyonse imene ingagwe, kuyambira zingwe za matenti mpaka makala anga. Oomba mfuti zamakedzana ayenera kukhala ndi chilolezo cha apolisi chosungira wonga. Masukulu ena akatiitana amafunsa za DBS, bungwe lofufuza mbiri ya anthu ogwira ntchito ndi ana, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012. Mu 2018 kunabweranso GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo ngakhale kope la maina a mamembala linasanduka chinthu chosunga mosamala.

Mkangano waukulu unabuka pa nkhani yolembetsa gululi ngati CIO, mtundu wa bungwe lachifundo umene Charity Commission inayamba kulembetsa mu 2013. Phindu lake ndi lenileni. Gulu losalembetsa silingaime palokha pamaso pa lamulo, choncho mkondo ukaphonya n'kuvulaza mwana wa eni, mlandu ungathe kugwera a komiti ndi chuma chawo. Likalembetsedwa, gulu limakhala mwini wa matenti ndi zida, limasaina mapangano m'dzina lake, ndipo opereka thandizo la ndalama amalikhulupirira msanga. Ndinakweza dzanja kuvomereza, ndipo leronso ndingakweze.

Komatu mtengo wake sitinauwerenge bwino. Chaka ndi chaka pamafunika lipoti ndi maakaunti opita ku Charity Commission, maminitsi a misonkhano, matrasti oyankha pa chilichonse. Ntchito yotereyi sigwera onse. Imagwera anthu omwe aja amene sakana akapemphedwa.

Tili ndi mayi wina woluka malamba pa timakadi tamatabwa, tokhala ndi mabowo anayi. Amatembenuza timakadito ndi zala, ulusi wofiira ndi wachikasu n'kumatuluka maluwa, ana atamuzinga kukamwa kuli yasa. Iye ndiye anavomera kukhala msungichuma. Tsopano pamsasa ndimamupeza kuseri kwa tenti, atabisa foni m'dengu kuti oonerera asaione, akulondola malisiti a petulo. Lamba amene anayamba chilimwe chatha sanamalizebe. Zimandiwawa, chifukwa anthu amabwera kudzaona manja ake, ndipo mwa ife palibenso wina wodziwa luso limeneli.

Pamsonkhano wapachaka ndinapempha kuti udindo wake ugawidwe, kuti inshuwalansi ikhale ndi mwini wake, kaundula wa mamembala akhalenso ndi wake, ndiponso kuti pasapezeke wokhala pampando kupitirira zaka zitatu. Anyamata ovala zachitsulo anang'ung'udza kuti iwo anabwerera nkhondo. Ndinawayankha kuti pabwalo la nkhondolo salowapo popanda mapepala a mayiyu. Kaundula ndinatenga ine. Wa inshuwalansi tikumufunabe.