Fani nayo imafuna woiuza nthawi

Abale anga a pa gulu lino, sabata ino za chikondi ndi za apongozi zipume kaye, tikambe za fani. Osati ija mumagona nayo mu Okutobala ayi, koma kaja kakuda kamalira mkati mwa kompyuta. Pa benchi yanga mumsika ndimagulitsa timeneti, tochotsa m'makompyuta akufa, pamodzi ndi mafiyuzi, mawaya ndi maswitchi.

Ogula ambiri ndi anyamata okonza ma amplifier. Koma ndili ndi kasitomala mmodzi, bambo wachikulire, wa gulu lija la anthu olankhulana pa wayilesi mongokonda, osati kuulutsa nyimbo kapena nkhani. Ali ndi chiphaso cha ku MACRA, ndipo dzina lawo la pa wayilesi limayamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi. Zimene ndikuuzenizi ndinazitola kwa iwowo, atakhala pa kreti pafupi ndi benchi yanga.

Kawayilesi ka m'manja sikafika patali, phiri limodzi lokha limakatsekereza. Ndiye anthuwa amaika makina pamalo okwera, amati repeater, omwe amamva mawu anu n'kuwaponyanso kutali nthawi yomweyo. Tsono taganizani. Inu ndi ine tikamacheza, ine ndikamalankhula inu mumapuma. Repeater ilibe mpumulo, imasenza mawu a tonse awiri. Wayilesi ya ma watt 50 imakoka ma amp pafupifupi 10 pa ma volt 13.8, ndipo magetsi oposa theka amangosanduka kutentha basi. Kumbuyo kwake kuli chitsulo cha mano ngati chipeso. Chikasowa mphepo chimatentha koti simungaikepo chala, kenako transistor yapsa, phiri lonse zii.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangoisiya fani izizungulira usana ndi usiku? Ine ndikanakonda zimenezo, bwenzi zikutha msanga ine ndikugulitsa. Koma kumtunda kuja makina ambiri amadalira sola ndi batire. Fani yokoka 0.2 amp kwa maola 24 yadya 4.8 Ah, zikakhala ziwiri werengerani nokha. Kubwere chiperoni cha masiku anayi, dzuwa osaoneka, batire lathera kupepesa makina ozizira kale. Komanso fani yosaima imameza fumbi ndi phulusa la tchire lootchedwa, mpaka mano a chitsulo chija kutsekeka.

Ena amailumikiza kuti iziyamba pamene repeater yayamba kuponya mawu. Nzeru ndithu, koma mukudziwa mbaula sizizira chifukwa choti mwaphula mphika. Pamafunika timer yoti fani ipitirize mphindi ziwiri kapena zitatu munthu atasiya kulankhula. Ndipo masana dzuwa likawomba bokosi lamalata, aliyense ali chete pa wayilesi, mkatimo mukuwotchabe koma fani ili du.

Kumene ine ndimakakonda ndi ka thermostat, kamene pa paketi amalemba KSD9700. Nkakang'ono kuposa chala cha nkombaphala, ka mawaya awiri. Mumakamatiza pa chitsulo chija. Kutentha kukafika pa madigiri olembedwapo, tinene 45, kachitsulo ka mkati kamapindika, fani yayamba. Sikazima mpaka kutentha kutsike ndi madigiri angapo, choncho fani simangoti yaka zima, yaka zima.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi ogula. Timeneti tilipo mitundu iwiri, NO ndi NC, ndipo maonekedwe ndi amodzi ngati mapasa. Ka NC kamadula magetsi kakatentha, ntchito yake ndi yoteteza ma motor. Mukaika kameneko, fani izizungulira kukuzizira, n'kuima pa nthawi yeniyeni imene makina akupsa. Munthu wothamangira minibasi amangoti, "Mayi, patseni kalikonse, zonse n'zimodzi." Ine ayi. Ndili ndi batire pansi pa benchi. Ndimalumikiza fani, n'kukagunditsa pa kapu ya tiyi wotentha. Fani ikazungulira, ndiye ndalama ndilandire. Wina akafuna ka madigiri 30 ndimamufunsa kaye kumene akupita nako, chifukwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kunja kwenikweniko kumadutsa 40. Kameneko sikadzazima mpaka mvula.

Tija tochepetsa liwiro la fani podula magetsi mwachangu, bambo aja safuna n'kutiona komwe. Amati timalowetsa kaphokoso ngati udzudzu m'mawu, ndipo munthu wakutali wa kawayilesi kofooka samvekanso. Iwo amaika ziwiri zonse, timer ndi thermostat, kuti china chikagona china chidzutse fani.

Mungaseke kuti zonsezi n'za kachinthu kotchipa kuposa mbale ya nsima ya pa lesitilanti. Koma kumbukirani Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mapolo kummwera kuno, magetsi ndi netiweki n'kusowa m'madera ambiri. Makina a pa phiri amawasungira masiku ngati amenewo, ndipo tsiku lotero palibe angakwere kukasintha transistor. Ngakhale tsiku labwino, wokwera ndi munthu wa imvi, maondo akulira, chikwama cha zitsulo kumsana.

N'chifukwa chake katundu akafika ndimasankha mafani olembedwa ball bearing, aja amapirira kutentha kuposa anzawo, n'kuwabisa m'katoni ya pansi. Anyamata a ma amplifier akawaona amawafuna, mtengo n'kuwonjezera. Ndimawauza kuti ali ndi mwini wake.