Unkhoswe wa Ampulifaya ndi Masipika

Pa zaka zonse zimene ndakhala pa benchi langa ku Limbe, kuyambira ndili mnyamata wogwirizira mawaya pamene mmisiri amene anandilera pa ntchitoyi anali kuwotcherera mawailesi a Nzeru, kufikira lero pamene imvi zandiyera mbuu, ndaphunzira kuti ntchito yathu ifanana ndi unkhoswe, pakuti munthu akadza nafunsa kuti, "Amisiri, ndigule ampulifaya yotani?" sindimuyankha ndisanaone masipika ake ndi chipinda chimene adzaimbiramo, monga nkhoswe yanzeru sivomera ukwati isanadziwe makhalidwe a mbali zonse ziwiri.

Ampulifaya imene ndimalangiza eni nyumba ndi ija amaitcha integrated, imene ili ndi antchito awiri pansi pa denga limodzi: woyamba alandira mawu ofooka ochokera ku CD, ku wailesi, ku foni kapena ku galamafoni, nasankha amene amveke ndi kukula kwake, wachiwiri apatsa mawuwo mphamvu yokankhira masipika. Olemera amagula awiriwa payekhapayekha, koma m'nyumba wamba bokosi limodzi likwanira.

Tsiku lina kunadza mphunzitsi wopuma pa ntchito, atanyamula masipika ake abwino amene analeka kutulutsa mawu okwera pa chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, pamodzi ndi ampulifaya yatsopano ya timagetsi tothwanima, yolembedwa pamphumi kuti 3000 W PMPO. Nditamasula chivundikiro ndinapeza thiransifoma yosaposa chibakera cha mwana, ndipo kumbuyo kunalembedwa kuti chipangizocho chimakoka mawati 60 okha pa khoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinati, "Bambo aphunzitsi, kodi mtsuko ungatsanule madzi oposa amene munatungiramo?" Ndipo ndinawafotokozera kuti masipika ambiri amaphedwa ndi ampulifaya yofooka, pakuti ikakakamizidwa kupitirira mphamvu zake imadula nsonga za mafunde a mawu, nyimbo nisanduka yosasa, ndipo kusasako kumatenthetsa kawaya kosalimba ka m'kasipika kakang'ono ka mawu okwera mpaka kupsa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Chifukwa chake ndimauza wogula aliyense kuti afunse mawati a RMS, ndiwo mphamvu imene ampulifaya ipereka mosalekeza ku masipika onse awiri. Nayang'anenso kumbuyo kwa masipika ake ngati alembedwa 8 ohm kapena 4 ohm, popeza a 4 ohm amafuna moto wowirikiza kawiri, ndipo ampulifaya yosakonzekera katundu wotero imatentha ngati ng'ombe yowonda imene aimanga m'goli la ngolo yodzaza. Asanyengedwe ndi kuchuluka kwa manambala, pakuti kuwirikiza mawati kawiri kumawonjezera 3 dB yokha pa muyeso wa kukula kwa mawu, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri pafunika mphamvu yowirikiza kakhumi; motero masipika olembedwa 90 dB amafuna theka la mphamvu imene a 87 dB angafune kuti amveke mofanana. Kale tinkayesa ubwino wa ampulifaya poinyamula, chifukwa thiransifoma yabwino imalemera. Masiku ano maampulifaya a mtundu wa Class D ndi opepuka koma amphamvu, kotero kulemera kokha sikulinso umboni wokwanira.

Amene asunga mbale za galamafoni aonetsetse kuti pali polowetsa polembedwa Phono, pakuti mawu a singano ndi ofooka koposa onse. Ndipo amene agula ya kaunjika ayambe wawerenga kumbuyo asanalumikize, chifukwa zopangidwira Japan zimafuna 100 V, za ku America 120 V, pamene magetsi athu ndi 230 V. Ndakwirira maampulifaya okoma ambiri amene anafa ndi utsi tsiku lomwe anafika. Safunsa anadya phula. Magetsi akazima, azimitsenso pa khoma, pakuti moto pobwerera nthawi zina umadza ndi ukali.

Aphunzitsi aja, nditawakonzera masipika, ndinawakhazika pa mpando ndi kulumikiza NAD 3020 yanga yakale, mtundu umene unatuluka mu 1978 mwa luso la Bjørn Erik Edvardsen, wolembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse, koma wosagwada pamaso pa masipika ovuta. Iwo anakayika poona kabokosi kotuwa kopanda chokongoletsa. Ndinawapempha nyimbo imene aidziwa ngati chikhatho chawo, pakuti khutu siliweruza bwino nyimbo yachilendo, natulutsa m'thumba CD ya gitala ya Daniel Kachamba. Ndinatsitsa voliyumu dala, chifukwa ampulifaya yabwino imadziwika poimba motsitsa, pamene besi ikhalabe ndi thupi lake, ndi mawu a woimba aima pakati pa masipika awiri ngati munthu wakhala pa mphasa patsogolo panu. Anakhala chete nthawi yaitali, chipewa chili pa bondo, kenaka anati chapansipansi, "Amisiri, ndamva zala zikukwekwesa pa nsambo. Zaka zonsezi sindinazimvepo."

Ndinawabwereka ampulifayayo sabata lathunthu kuti akaiyese m'nyumba mwawo, pakuti makoma, simenti ya pansi ndi makatani zimasintha mawu, ndipo nkhoswe siitha ntchito pa tsiku la chinkhoswe, koma imakaonanso ngati banja lakhazikika. Pobweza anandituma kuti ndiwafunire ina yonga yomweyo. Ndipo nditaipeza, ndi kusintha makapasita ake amene anauma ndi ukalamba, ndinakaiika ndekha pa shelefu yawo, ndi kusiya mpata wa zala zinayi pamwamba pake kuti izipuma.